Funsani Amalume: laputopu ya makhadi awiri a graphics, likugwira ntchito ndi liti?

Makalata ambiri amene afika patsamba lino mwezi uno akuzungulira nkhani imodzi, ya malaputopu aja okhala ndi zomata ziwiri pafupi ndi kiyibodi, china cha Intel kapena AMD, china chobiriwira cha NVIDIA, kusonyeza kuti mkati muli makhadi awiri a graphics, tizipangizo tomwe timajambula chithunzi cha pa sikirini. Ndasankhapo angapo, ena ndawadula pang'ono chifukwa anthu inu mumayamba ndi moni wa mudzi wonse.

FUNSO: Amalume moni. Ine ndimakhala ku Mufakose kuno ku Harare, ndikuphunzira zojambula mapulani a nyumba ku koleji, ndiye mwezi watha ndinagula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito mtauni ndi ndalama zomwe anatumiza achemwali anga aku Joni. Wogulitsayo anati ili ndi GTX 1650 ndipo chomata chilipodi, koma ndikatsegula AutoCAD nkumazunguliza nyumba ya 3D imadukizadukiza, gemu ya mpira nayonso chimodzimodzi. Ndalowa pa Advanced display ndapeza akulemba kuti sikirini yalumikizidwa ku Intel UHD Graphics. Kodi andibera amalume, chomata chija anangomatapo? Achemwali ndiwauza chani?
Mphwanu wa ku Mufakose

YANKHO: Mphwanga, usanakwere kombi kukachita phokoso mtauni khala kaye pansi. Zomwe waonazo kuti sikirini ili ku Intel ndi mmene malaputopu ambiri a makhadi awiri anapangidwira, sizikutanthauza kuti NVIDIA mulibe ayi. Kuti udziwe zoona dina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, itseguka Task Manager, pita pa Performance utsike mmunsi. Ukaona GPU 0 ndi GPU 1 ndiye kuti makhadi alimo awiri. Dina pa GPU 1, kumtunda kumanja alemba dzina, ndipo ngati ili GTX 1650 yeniyeni pa Dedicated GPU memory pakhala 4.0 GB. Zikatero sanakubere.

Ukapeza GPU 0 yokha usanadandaule tsegulanso Device Manager uone pa Display adapters komanso pa Other devices. Ogulitsa ambiri amafufuta Windows yakale nkuika yatsopano mwachangu osaika ma driver, timapulogalamu tomwe timathandiza Windows kulankhula ndi zipangizo za mkati, ndiye khadi limakhala lilimo koma Windows sikulidziwa dzina, imangolitcha 3D Video Controller ndi kachizindikiro kachikasu pambali. Apa mankhwala ake ndi driver basi, ya pa webusaiti ya NVIDIA kapena ya kampani yomwe inapanga laputopuyo. Imadutsa 500MB choncho kapangire pa WiFi ya ku koleji, osati pa bandulo yako. Koma ukaika driver nkuonabe chikasu chija ndi mawu akuti Code 43, yesa driver ina kamodzi, zikakanikanso pamenepo nde bwerera kwa wogulitsa chifukwa nthawi zambiri ndiye kuti khadilo linafa.

Tsopano chifukwa chake sikirini ili ku Intel. Khadi la Intel si khadi kwenikweni, ndi kachigawo ka mkati mwa processor momwemo, kalibe memory yakeyake kamabwereka ku RAM ya laputopu, ndipo kamadya moto wochepa kwambiri. La NVIDIA ndi chipu china pachokha, lili ndi memory yake, fani imalizizira padera, mphamvu zambiri koma limadyanso moto ngati lilibe mawa. Mchaka cha 2010 a NVIDIA anatulutsa njira yomwe amaitcha Optimus yoti awiriwa azigwirira ntchito limodzi popanda iwe kuzimitsa kompyuta. Taganizira pakhomo, nsima ya tsiku ndi tsiku mwana wa pakhomo amaphika yekha nkuperekanso yekha pa mkeka. Kukakhala ukwati amabwera amayi a kumpingo ndi miphika ikuluikulu kuphikira kuseri, koma wonyamula mbale kupita nazo kwa alendo ndi mwana yemwe uja. Intel ndi mwana wa pakhomoyo. NVIDIA imajambula chithunzi cholemera, nkumupatsira Intel, Intel nkuchiika pa sikirini. Ndiye Advanced display izikuuzabe Intel ngakhale gemu ikuyenda pa NVIDIA.

Vuto lako ndi loti amene amasankha kuti pulogalamu iyi ipite kwa ndani nthawi zina amaphonya. Umuuze wekha. Pa Windows 11 pita Settings, System, Display, utsike mpaka pa Graphics. Pa Windows 10 ndi pomwepo koma amalemba Graphics settings, zinabwera ndi update ya April 2018. Sankha kuonjezera desktop app, ufufuze fayilo yeniyeni ya pulogalamuyo, ya AutoCAD dzina lake ndi acad.exe ili mu Program Files mu foda ya Autodesk. Ikaoneka pa mndandanda dina Options, usankhe High performance, pansi pake payenera kulembedwa dzina la NVIDIA, kenako Save. Tseka AutoCAD yonse uyitsegulenso chifukwa pulogalamu imasankha khadi pa nthawi yomwe ikutseguka, siisintha ili mkati mogwira ntchito. Mu AutoCAD momwemo lemba GRAPHICSCONFIG, ikuonetsa khadi lomwe ikugwiritsa ntchito, uonetsetsenso kuti Hardware Acceleration ndi yoyatsa.

Pa gemu samala apa, anyamata ambiri amaika High performance pa launcher, kapulogalamu kaja kamayamba kutseguka kokufunsa kuti Play, pomwe gemu yeniyeniyo ndi fayilo ina mu foda yomweyo. Launcher ikhala pa NVIDIA mosangalala gemu ili pa Intel ikuvutika. Kuti utsimikize, gemu ili mkati tsegula Task Manager pa Processes, dina batani lakumanja la mausi pa mitu ya pamwamba paja uchonge GPU engine. Pa mzere wa gemu pakalembedwa GPU 1 - 3D ndiye kuti zatheka.

Chinanso, mavidiyo akale a pa YouTube akuuza kuti ulowe mu NVIDIA Control Panel, Manage 3D settings, Preferred graphics processor. Zinali zoona nthawi yake, koma kuyambira update ya May 2020 ya Windows 10 zomwe wasankha mu Settings ya Windows ndi zomwe zimapambana zikasemphana ndi za mu Control Panel. Ndiye yambira ku Windows. Achemwali uwauze kuti ndalama zawo zinagwira ntchito, ukatha kuona GPU 1 ija.

FUNSO: Zikomo achimwene. Ine ndi mayi wa ku Dzivarasekwa, ndimataipa makalata, makhadi a ukwati ndi mapepala a ndondomeko ya maliro kunyumba konkuno. Laputopu anandisiyira mwana wanga popita kunja, ndi yaikulu yolemera ya magetsi ofiira pa mabatani. Magetsi akazima siikwana ndi maola awiri omwe yathima, pomwe ya mnzanga yaing'ono yotchipa imafika madzulo. Makasitomala a maliro sadikira. Ndigule batire lina?
Mayi wa ku Dzivarasekwa

YANKHO: Mayi, pepani ndi vutoli, koma ndalama ya batire isungeni kaye. Mwana wanuyo anakusiyirani laputopu ya magemu, ndipo ndikukaikira kwambiri kuti anaisiya atailamula kuti chilichonse chiziyenda pa khadi lalikulu, anyamata amakonda zimenezo. Ntchito yanu ya Word ngakhale makhadi a mu CorelDRAW siifuna khadi limenelo ngakhale pang'ono, Intel imakwanitsa bwinobwino.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Batire la laputopu amaliyeza mu Wh, ndiko kuti ma watt omwe lingatulutse kwa ola lathunthu, ambiri a malaputopu a magemu otsika mtengo amakhala pakati pa 45 ndi 60, ndipo ngakhale odula kwambiri sapitirira 100 chifukwa ndi malire omwe a ndege amalola munthu kukwera nalo popanda chilolezo chapadera. Titenge la 50Wh. Laputopu ikamadya 10W potaipa ndiye kuti maola 5. Ikamadya 30W chifukwa khadi lalikulu lili maso, fani ikuzungulira, sikirini yawala mpaka kumapeto, maola awiri sakwana. Batire lomwelo, kusiyana kwake ndi amene akudya.

Chitani izi. Dinani batani lakumanja la mausi pa sikirini popanda kanthu mutsegule NVIDIA Control Panel, pa Manage 3D settings, Global Settings, pomwe alemba Preferred graphics processor pakhale Auto-select. Mukadali momwemo pamwamba pali mawu akuti Desktop, dinani muchonge Display GPU Activity Icon in Notification Area. Pansi kumanja pafupi ndi wotchi pabwera kachizindikiro, kakakhala kotuwa ndiye kuti NVIDIA ili mtulo, kakakhala ndi mitundu ndiye kuti ili maso ndipo mukakadina kakuuzani dzina la pulogalamu yomwe yaidzutsa. Kawirikawiri amakhala Chrome, kapena zithunzi zoyendayenda za kumbuyo kwa sikirini zomwe ana amaika, kapena timapulogalamu toyeza kutentha ngati MSI Afterburner tomwe timangolifunsa khadi kuti uli bwanji mphindi iliyonse osalipatsa mpata wogona. Yomwe mwaipezayo kaiikeni pa Power saving ku Settings, System, Display, Graphics monga ndamufotokozera mnyamata wa ku Mufakose pamwambapa, zosafunika zichotseni.

Ngati ndi ASUS muli pulogalamu yotchedwa Armoury Crate, pa zatsopanoko muli GPU Mode ndipo mukasankha Eco khadi lalikulu limazimiratu. Pa Lenovo Legion ndi mu Lenovo Vantage, onetsetsani kuti Hybrid Mode ndi yoyatsa. Sikirini za malaputopu amenewa zambiri zimathamanga pa 120Hz kapena 144Hz, pa Advanced display tsitsani ifike 60Hz, potaipa simuonapo kusiyana. Magetsi ofiira a pa mabatani aja zimitsaninso masana, kuwala kwa sikirini kufike theka.

Mukatha zonsezi ndiye tiyese batire lenilenilo. Tsegulani Command Prompt mulembe powercfg /batteryreport ndi kudina Enter, ikuuzani pomwe yasunga fayilo. Mmenemo yang'anani manambala awiri, Design capacity ndi Full charge capacity. Yoyamba ndi mmene linalili lili latsopano, yachiwiri ndi mmene lafikira lero. Yachiwiri ikakhala theka la yoyamba kapena kutsika apo, chabwino kagulenitu. Ikakhala pafupi ndiye kuti batire lilibe mlandu. Tonse tikukumbuka 2019 madzi atatsika ku Kariba, magetsi akuzima mpaka maola 18 patsiku, kuno laputopu yabwino ndi yomwe imapirira mdima, ndipo kunena zoona mayi kwa ntchito yanuyo ya mnzanuyo ndiyo yoyenera. Mwana akalola, kusinthanitsa ndi yopepuka ya Intel yokha si kutsika ayi.

FUNSO: Amalume ndalakwitsa. Mnzanga anandiuza kuti ndikapanga Disable Intel mu Device Manager ndiye kuti laputopu ikakamizika kugwiritsa NVIDIA yokha. Ndapanga, pano zilembo zakula, kuwala sikukusinthika, GTA V yomwe imayenda bwino pano ikuchita kukwawa.
Wa ku Glen View

YANKHO: Mnzakoyo asakugwirirenso laputopu. Wachotsa amene amafikitsa chithunzi pa sikirini, ndiye Windows yagwira ka driver kake kongoyembekezera kotchedwa Microsoft Basic Display, komwe kamajambula ndi processor ndipo sikadziwa za kuwala kapena kulandira zithunzi bwinobwino kuchokera ku NVIDIA. Bwerera mu Device Manager, Display adapters, batani lakumanja pa Intel, Enable device, upange restart. Basi.

Amene zawathera pa sikirini yakuda, yesani kaye Windows, Ctrl, Shift ndi B pamodzi, zimadzutsanso driver ya graphics. Zikakana zimitsani ndi batani pomwe Windows ikuyamba kutseguka, kawiri kapena katatu motsatizana, ibweretsa sikirini ya kukonza, mupite Troubleshoot, Advanced options, Startup Settings, Restart, kenako dinani 4 kulowa Safe Mode, mukayatsire Intel mmenemo.

Ndipo poti tili pomwepa, enanso amachita zotembenuza, kupanga Disable NVIDIA kuti asunge batire. Nazonso sindimalimbikitsa. Amene amagoneka khadi lija ndi driver yake, ndiye ukaichotsa pa malaputopu ena khadilo limangokhala loyaka popanda woliuza kuti gona, batire nkumatha msanga kuposa kale, pansi pa laputopu pali fuu kutentha iwe ukuti wasunga moto.

Chomwe mnzakoyo amafuna chilipo koma dzina lake ndi MUX switch, ndipo ndi kachipangizo ka pa bolodi, si pulogalamu yoti upange download. Kamachotsa waya wa sikirini kwa Intel nkuulumikiza kwa NVIDIA mwachindunji, chithunzi osadutsanso pakati, ndiye magemu othamanga kwambiri amapindulako ma fps, kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi. Pa ASUS amakatcha Ultimate mu Armoury Crate, pa Legion ndi kuzimitsa Hybrid Mode, pa ena kali mu BIOS, tsamba la zosintha lomwe umalowamo Windows isanatseguke, ndipo ukasintha imafuna restart. Kuyambira 2020 kunabwera Advanced Optimus yomwe imasintha yokha popanda restart, sikirini imangoima kamphindi. Koma izi zili pa malaputopu a magemu apakati ndi odula, ambiri a GTX 1050 ndi 1650 omwe adzaza mmashopu a mtauni alibe. Ngati mu pulogalamu ya laputopu yako ndi mu BIOS mulibe, ndiye kuti mulibe, usavutike kufunafuna. Amene muli nayo kumbukirani kubweza pa Hybrid magetsi akazima, apo bii batire likhala la ola limodzi ngakhale mukungowerenga nkhani.

FUNSO: Bambo, ndaika High performance monga amanenera, pa magetsi gemu imayenda bwino kwambiri koma akangozima nthawi yomweyo imayamba kulemera. Ndiye ndinagula tchaja ina mtauni yoti ndizilumikiza ku inveta ya sola, koma ngakhale pamenepo ikulemerabe ndipo batire likutsika ili pa moto. Ndi ufiti wanji umenewu?
Wa ku Chitungwiza

YANKHO: Palibe ufiti achimwene, tembenuzani tchaja yatsopanoyo muwerenge. Ndikhulupirira mupeza 65W kapena 90W, pomwe yomwe inabwera ndi laputopu ndi ya 135W, 150W kapena kuposa. Khadi ngati GTX 1650 palokha limatha kukoka mpaka 50W, processor ya H nayo 45W, onjezani sikirini ndi mafani, ndiye 65W ikwana bwanji? Laputopu imatenga chotsalacho ku batire, nchifukwa chake likutsika ili pa moto. Ma Dell ndi ma HP ambiri ali ndi kawaya kapakati pa pulagi komwe laputopu imazindikirira mphamvu ya tchaja, ikaona yaing'ono kapena yosaidziwa imadzichepetsa liwiro dala. Matchaja a universal aja, omwe amati amalowa pa laputopu iliyonse, ndi a laputopu za mu ofesi.

Za kulemera pa batire ndi dala. Batire silingatulutse moto wonse womwe khadi ndi processor zimafuna nthawi imodzi, choncho laputopu imazibweza, komanso NVIDIA ili ndi Battery Boost yomwe imamanga gemu pa 30 fps kuti musathe moto mphindi zochepa. Mutha kuizimitsa mu GeForce Experience kapena NVIDIA App koma liwiro la pa magetsi simulipeza, mungotentha batire nkulikalambitsa msanga. Ine ndimati gemu yolemera ndi ya pa soketi, magetsi akapita sewerani bawo.

Pa inveta gwiritsani tchaja yake yeniyeni, muonetsetse kuti inveta ikukwanitsa ma watt alembedwa pa tchajayo ndi zina zonse zomwe mwalumikiza. Muwerengenso kuti batire la sola la 12V 100Ah ndi 1200Wh pa pepala, ndipo ngati ndi la asidi lija simuyenera kulitsitsa kupitirira theka, ndiye maola anayi a gemu pa 150W mwamaliza gawo la nyumba yonse, madzulo akunyumba akufunsani za mababu.

Kutentha nakonso musakuiwale makamaka mu October. Fumbi la August ndi September lija limakhala lili mu fani. Khadi la NVIDIA la mu laputopu likafika cha mma 87°C limadzitsitsa liwiro lokha, mutha kuona kutentha kwake mu Task Manager pa GPU 1. Osaika laputopu pa bulangeti kapena pa matiresi, kwezani kumbuyo kwake ndi kabuku mpweya uzilowa pansi, ndipo kamodzi pachaka ipite kwa wokonza akapukute fani ndi kusintha thermal paste.

FUNSO: Moni amalume mdzina la Ambuye. Ku tchalitchi kwathu ku Highfield ine ndi amene ndimaonetsa mawu a nyimbo pa projekita. Laputopu imakhala chete sabata yonse koma ndikangolowetsa waya wa HDMI fani imayamba kulira mpaka a mvano a kutsogolo amatembenuka. Tsiku lina ndinaika Eco kuti ikhale chete, projekita inakana kuonetsa chilichonse.
Mlongo wanu wa ku Highfield

YANKHO: Achemwali, zomwe mwafotokozazi zikuonetsa kuti bowo la HDMI pa laputopu yanu linalumikizidwa ku NVIDIA mwachindunji, ndi mmene amapangira malaputopu ambiri a magemu. Sikirini ya laputopu ili kwa Intel koma HDMI ili kwa khadi lalikulu, ndiye waya ukangolowa khadilo liyenera kudzuka ngakhale mukuonetsa zilembo zoyera pa nsalu yakuda. Mukaika Eco mwalizimitsa, HDMI nayo yafa. Mutha kuona nokha mu NVIDIA Control Panel pa tsamba la PhysX, pali chithunzi choonetsa bowo lililonse ndi khadi lomwe lili nalo.

Ngati laputopu ili ndi bowo la USB-C lotulutsa chithunzi, lomwe pambali pake pali kachizindikiro ka D kapena ka mphenzi, pa malaputopu ambiri limenelo limadutsa kwa Intel, ndiye ka adaputala ka USB-C kupita ku HDMI kangathetse nkhani. Bwerekani kaye muyese musanagule chifukwa si onse. Zikakanika siyani pa Standard, lumikizani ku magetsi, muike fani pa Silent kapena Quiet mu pulogalamu ya laputopuyo, mawu a nyimbo salemetsa khadi moti nkutentha. Ndipo Lachisanu kapena Loweruka muziyeseratu, osati Lamulungu belu litalira.

FUNSO: Amalume ndikufuna kugula laputopu yopangira mavidiyo a maukwati. Wina akundigulitsa Core i5 ya RAM 16GB akuti graphics yake ndi 8GB, wandionetsa pa sikirini ndaonadi 7.9 GB. Mtengo wake ndi wabwino kuposa ina ya RTX 3050 ya 4GB. Eti 8 si yoposa 4? Ndipo ngati ili yochepa sindingadzaikemo khadi lina pambuyo pake?
Wojambula wa ku Mabvuku

YANKHO: Apa ndiye pomwe anthu amadyeredwa ndalama, mwachita bwino kufunsa musanapereke. Bwererani mukaonenso mzere womwe anakuonetsaniwo, walembedwa Shared GPU memory. Imeneyo ndi RAM yanu yomweyo, Windows imalola graphics kubwereka mpaka theka lake, theka la 16 ndi 8, nkhani yonse ndi imeneyo. Laputopu iliyonse ya 16GB ionetsa nambala imeneyo ngakhale ilibe khadi lapadera. Mzere wofunika ndi Dedicated GPU memory, ndipo pa Intel yokha mupeza mwina 128MB kapena osaupeza nkomwe. Mwina wogulitsayo sakunama dala, ambiri sadziwa, koma ndalama ndi zanu.

4GB ya RTX 3050 ndi memory yothamanga kwambiri yomwe ili ya khadilo lokha, kuonjezera apo khadilo lili ndi mphamvu zowerengera zomwe Intel ilibe. Pa pulogalamu yokonzera mavidiyo ya DaVinci Resolve kusiyana kwake ndi kwakukulu chifukwa pulogalamu imeneyo imatsamira kwambiri pa khadi, pa Premiere Pro mukuona pa ma effect, kukonza mitundu ndi pa export. Koma Intel musainyoze, ili ndi Quick Sync kuyambira 2011, kagawo kongotsegula ndi kupanga mavidiyo a H.264 ndipo pa zatsopano ndi H.265 yomwe, ndiye pa laputopu ya makhadi awiri Premiere imatha kugwiritsa onse, wina akutsegula vidiyo wina akupaka mitundu. Ichi ndi chifukwa chinanso chosazimitsira Intel.

Zoti mudzaikamo khadi pambuyo pake iwalani. Pa laputopu pafupifupi zonse khadi ndi lowotcherera pa bolodi, silizulidwa ngati la desktop. Kuli mabokosi a kunja olumikiza pa Thunderbolt, koma bokosi, khadi ndi magetsi ake mukaphatikiza mwagula laputopu ina, ndipo magetsi akazima bokosilo ndi chokongoletsera pa tebulo. Chomwe mungaonjezere ndi RAM, ndipo kwa amene muli ndi Intel kapena AMD Radeon ya mkati yokha mvetserani apa, timitengo tiwiri ta RAM timathamangitsa graphics kuposa kamodzi, 8GB iwiri imaposa 16GB imodzi chifukwa njira zopita ku memory zimakhala ziwiri. Ndi kukonza kotchipa kuposa kwina kulikonse.

Chenjeraninso ndi chomata chobiriwira chilichonse. GeForce 920M, 940MX, MX110, MX130 ndi makhadi apadera inde koma ang'onoang'ono akale, Iris Xe yomwe inabwera ndi ma Intel a 11th gen mu 2020 imawapitirira ambiri mwa amenewo popanda kudya batire. Osalipira ndalama zoonjezera chifukwa cha chomata. Pogula tengani flash yokhala ndi vidiyo yanu ya ukwati yolemera, muiyese pomwepo Task Manager ili yotsegula, wogulitsa akakana muziona nokha.

FUNSO: Ndaika Ubuntu pa laputopu ya NVIDIA chifukwa cha sukulu, batire likutha msanga kuposa pa Windows.
Wophunzira wa ku Mount Pleasant

YANKHO: Ika driver ya NVIDIA kudzera pa Additional Drivers, kenako mu terminal lemba prime-select query ikuuza pomwe uli. Ikati nvidia ndiye kuti khadi lili maso nthawi zonse. sudo prime-select on-demand imasiya zonse pa Intel nkudzutsa NVIDIA pokhapokha waitana, sudo prime-select intel imaisiyiratu. Panga restart ukasintha. Pa on-demand ukafuna pulogalamu ipite ku khadi lalikulu dina batani lakumanja pa chizindikiro chake usankhe kuitsegula ndi Discrete Graphics. Malangizo akale onena za Bumblebee, pulogalamu yakale yosinthira makhadi, uwadumphe. Pa makhadi akale kuposa GTX 1650, monga 1050, on-demand siigoneka khadi kwathunthu, ndiye tsiku lopanda magetsi ika intel.

FUNSO: Achimwene, mlamu wanga akundipatsa MacBook Pro yakale ya mainchesi 15 ya 2011 pa mtengo wochepa. Akuti ili ndi makhadi awiri koma nthawi zina sikirini imachita mizeremizere. Nditenge?
Bambo wa ku Tafara

YANKHO: Bambo, mlamu ndi mlamu koma imeneyo ikaneni mwaulemu. Ma MacBook Pro a mainchesi 15 ndi 17 a 2011 amadziwika ndi vuto la khadi la AMD Radeon, mizere pa sikirini, kuzima yokha, kenako osayakanso, mpaka a Apple anatsegula ndondomeko yokonza ulere mu February 2015 ndipo inatha kalekale. Mizere mukuionayo ndi chiyambi chake. Pa Mac zamakhadi awiri kusintha kumachitika kokha, pali bokosi la Automatic graphics switching mu Energy Saver, pa macOS zatsopanoko lili pa Battery, mukalichotsa chonga ndiye kuti khadi lalikulu likhala loyaka nthawi zonse, zomwe pa makina odwala ngati amenewo ndi kufulumizitsa maliro. Ena amaikakamiza kukhala pa Intel yokha ndi kapulogalamu ka gfxCardStatus ndipo imayendako, koma mukalumikiza sikirini ya kunja imafuna khadi lomwe likufalo, komanso macOS yake inaima pa High Sierra, mapulogalamu ambiri atsopano sakulowanso. Ngati mtima uli pa Mac sungani ndalama mudzapeze ya M1 ya 2020 kupita mtsogolo, imeneyo graphics ndi imodzi ili mkati mwa chipu, palibe zosinthasintha ndipo batire lake limafika madzulo. Mlamuyo muuzeni kuti mukuganizirabe, amva yekha.